Chishalo cha Njinga ya Amalume

Amalume anga anali kapitawo pa esiteti ya tiyi pamene ndinakulira, ndipo anthu ankawazindikira akadali kutali chifukwa cha kayendedwe kawo. Ankayenda motang'adza, pang'onopang'ono, mawondo atayang'ana kunja, ngati munthu amene pakati pa miyendo yake pakudutsa ngalande ndipo sakufuna kunyowetsa nsapato. Othyola tiyi akangoona chipewa chawo chikupendekera uku ndi uku pamwamba pa mizere, macheza ankatha, manja n'kuyamba liwiro. Tonse tinkadziwa kuti umo ndi mmene udindo umayendera. Makapitawo ena achinyamata ankayesera kutengera, koma sizinkawakhala.

Ine ndinabwerera kunyumba kwawo nditakhala ku koleji chaka ndi theka. Sindinathawe ayi, komanso sanandithamangitse. Ine ndi koleji tinakhala pansi, tinayang'ana zotsatira za mayeso, n'kugwirizana mwamtendere kuti aliyense aone njira yake. Ndinabwerako ndi mabuku atatu, jinzi imodzi yabwino, ndi chizolowezi chofufuza chilichonse mwasayansi, chimene mpaka lero sichinandipulumutsepo pa kalikonse. Ntchito ndinaipeza ku nazale, yothira dothi m'timachubu todzalamo mbande za tiyi.

Chaka chomwecho ndinapeza mtsikana woti ndimukwatire. Kwawo kunali ku Chimaliro, ndipo nyengo ya mvula ankathyola tiyi pa esiteti ina ya kufupi ndi kwawoko. Ankanditchula kuti a Koleji. Sindinadziwe ngati unali ulemu kapena chipongwe. Ndikamufunsa ankati zonse. Mayi ake anali atandilola kufika pakhomo. Chotsala chinali chakuti amalume anga ndi atsibweni ake, amene anali asanaonanepo, akumane n'kupangana za chinkhoswe. Podikira tsiku limenelo, udindo wanga unali umodzi: kuonekera kwawoko Lamulungu lililonse, wosamba, waulemu ndiponso wamoyo.

Ulendowo ndi wautali, ndipo misewu ya m'tiyi sidziwa kuwongoka; ikatsika ndiye kuti ikukonzekera kukwera. Amalume anandimvera chisoni. Anali ndi njinga yakuda, yolemera ngati chitseko cha fakitale, imene kampani inawapatsa atagwira ntchito zaka zambiri. M'kati mwa sabata ankayendera iwowo kuminda.

"Lamulungu uzitenga," anatero. "Matayala upope, tcheni uthire mafuta, belu uziliza. Koma chishalo usachikhudze."

"Chifukwa chiyani, amalume?"

"Chifukwa chili pamalo pake."

Ndinachiyang'ana chishalocho. Chinali chachikopa, cholimba, mphuno yake itadzuka pang'ono ngati ikununkhiza mvula. Chinkandifika m'nthiti. Kwathu sitinapatsidwe msinkhu. Ine ndi amalume tikaima pamodzi, kusiyana kwake ndi chipewa basi. Koma ndinaganiza kuti njinga za akuluakulu zimakhala choncho, ndipo ine ndinali wobwereka chabe.

Lamulungu loyamba ndinavala jinzi yanga ija, popeza kwa apongozi sapita ndi kabudula. Kuti ndikwere ndinafuna kaye mwala woimapo. Nditakhala, ndinapeza kuti pedulo ikafika pansi imandisiya. Ndinkaitsatira ndi chala chachikulu cha kuphazi, thupi lonse n'kutsetserekera kumanja, kenako kumanzere, kumanja, kumanzere, njira yonse. Potsika zinali bwino. Pokwera zitunda ndinayamba kumva kutentha kwina kwake pakati pa ntchafu, ndipo poti ndinali ndisanakondepo munthu kwenikweni, ndinaganiza kuti mwina chikondi chimayambira kumeneko.

Pobwerera kunagwa mvula, kenako dzuwa, kenako mvula. Lolemba m'mawa kabudula wam'kati anakana kusiyana nane. Ndinatenga kagalasi kometera ndevu ka amalume n'kulowa nako kubafa, ndipo monga munthu wophunzira ndinachita kafukufuku. M'mphechepeche monse munali mutafiira, khungu litasupuka mbali zonse ziwiri, ndendende mmene umadutsa msoko. Madzi atakhudzapo ndinaimba nyimbo imene mulibe m'buku la mpingo uliwonse.

Sabata yonse ku nazale ndinkayenda m'chinyezi, miyendo nditaitalikitsa kuti ntchafu zisaonane. Pofika Loweruka tizilonda tinkayamba kuuma. Lamulungu n'kukwana.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinawauze amalume. Malo amenewo ali ndi mayina, ndipo ndimawadziwa m'Chichewa, m'Chilomwe ndi m'Chingerezi cha m'mabuku. Palibe ngakhale limodzi limene munthu angalitulutse pamaso pa mlongo wa mayi ake. Komanso, kunena zoona, chishalocho sindinachikayikire. Mwini wake ankachikwera masiku asanu ndi limodzi pa sabata osadandaula. Ine tsiku limodzi lokha ndinkasupuka. Mwasayansi, vuto linali ine: mabenchi a ku koleji anali atandifewetsa khungu.

Lamulungu lachitatu ndinaima pa siteji ya Luchenza kuti ndifunse akatswiri. Ndinasankha wakabaza wina wooneka wachifundo n'kumuitanira pambali.

"Akulu, mumatani inu kuti musamasupuke?" ndinanong'oneza.

"Kusupuka pati?"

"Pamene munthu amakumana ndi njinga."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatembenukira anzake. "Tamverani kuno! Abwana awa apsa kunsi!"

Anabwera anayi. Wina anati ndidzole phulusa. Wina anati ndizipalasa choimirira mpaka ku Chimaliro. Wina anati iye anabadwira pa njinga, ndiye sakudziwa zimene ndikukamba. Wachifundo uja ndiye anagamula mlandu.

"Siponji, abwana. Mwamvapo okwera athu akudandaula? Amakhala pa siponji."

Ndinapeza chidutswa cha matiresi pamsika pomwepo, n'kuchimangirira pa chishalo ndi malegeni. Mwalamulo sindinachikhudze chishalo, ndinangochiveka. Pobwerera ndinkamasula siponjiyo ndisanalowe m'malaini mwa nyumba za antchito, n'kuibisa pansi pa tchire la tiyi pafupi ndi mabulugamu, kuti amalume asaione.

Mphindi khumi zoyamba ndinamva ngati nduna. Kenako siponji inayamba ntchito yake. Inakweza chishalo chimene chinali chokwera kale, ndiye mapedulo anasamukira kutali. Inachikulitsanso m'mbali, ndiye ntchafu zinapeza zambiri zokhulana nazo. Inamwa thukuta langa lonse pamodzi ndi mvula, n'kumandibwezera pang'onopang'ono pa zilonda. Nditaunika zotsatira, ndinapeza kuti siponji imodzi inachepa. Sabata yotsatira ndinaika ziwiri, n'kuvala akabudula am'kati awiri. Papita nthawi ndithu ndi pamene ndinadzakumbukira kuti wakabaza uja siponji yake inali pa kaliyala, pokhala okwera. Iye mwini ankakhala pa chishalo chopanda kanthu, chotsika, phazi litaponda pansi.

Kwa apongozi zinthu zinayamba kuvuta. Mkamwini akafika amanjuta popereka moni. Ine ndinkayamba kunjuta, n'kuima pakati, ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya moto kunyumba. Akandipatsa mpando ndinkakhalira thako limodzi, kenako linzake, mosinthana, kuti pasakhale lodandaula. Akandipatsa madzi osamba m'manja ndinkawayang'ana ndi chisoni, poganiza kumene ankafunikadi.

Tsoka langa linali atsibweni ake a mtsikanayo. Anali atapuma pa ntchito ya ulonda pa geti ya fakitale. Zaka zawo zonse ntchito yawo inali kuyang'ana mmene anthu akuyendera poweruka, kuti adziwe amene wabisa tiyi m'buluku. Anali munthu wosalankhula zambiri. Ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo ndikamachoka pa njinga kupita pakhonde, maso awo sankafika kumaso kwanga. Ankathera m'mawondo.

Tsiku lina mtsikanayo akundiperekeza, ine ndikukankha njinga, anaima panjira.

"A Koleji, mwadwala chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye n'chifukwa chiyani mukuyenda ngati mwapana dzungu?"

"Ndi nsapato."

"Nsapato zimavalidwa kumapazi."

Ndinavomereza kuti imeneyo inali mfundo yabwino.

"Atsibweni akuti ndi mabomu," anatero. "Akuti munawatenga m'tauni. Amayi akukuikirani kumbuyo, akuti mwina munapita ku mdulidwe ndiye mukuchita manyazi kunena. Azakhali akuti munasiya mkazi ku koleji ndipo anakutcherani."

"Nanga iwe ukuti chiyani?"

"Ine ndikuti munthu amene akufuna kudzakhala nane nyumba imodzi akundiuza kuti ndi nsapato."

Sanaseke. Anali munthu woseka ngakhale pa zinthu zosaseketsa, ndiye kusaseka kwakeko kunandiopsa kuposa galasi lija. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma mayina onse atatu anathawa. Anabwerera asanafike pa mlatho pamene ankandisiya masiku onse.

Lolemba ndinapita ku kachipatala ka pa esiteti. Pamzere panali anthu a m'malaini mwathu, ndipo aliyense anandipatsa malo mwaulemu wokayikitsa. Adokotala anayang'ana kamodzi, sanadabwe n'komwe, zimene zinandikhumudwitsa pang'ono.

"Mumakwera njinga?"

"Lamulungu lokha."

"Ndi kusupuka uku. Muzisamba, muziumitsa bwino, muzidzola awa. Njinga muisiye kaye masabata atatu."

"Si mabomu?"

"Mukuwafuna?"

Ndinawapempha kuti alembe m'buku langa la kuchipatala kuti si matenda a kwa akazi. Analemba. Koma za kusiya njinga sindinathe kuzitsatira. Mkamwini amene akuganiziridwa mabomu akasowa masabata atatu, ndiye kuti wavomera. Choncho Lamulungu ndinakweranso, kupita kukasonyeza kuti sindikudwala, n'kufika ndikudwala kuposa kale.

Bukulo ndinalipereka kwa atsibweni ndi manja awiri. Analitembenuza, kuliyandikitsa, kulitalikitsa.

"Tawerengani, bambo. Ophunzira ndinu."

Ndinayang'ana. Zolemba za adokotala zinkaoneka ngati mmene nkhuku yapalasira pa mchenga wonyowa. Ndinazindikira dzina langa lokha, nalonso mongoganizira.

"Akuti ndi njinga," ndinatero.

"Akutero pati?"

"Penapake apa."

Anatseka bukulo. "Choyamba, munthu wosadwala sapita kuchipatala. Chachiwiri, ine ndakwera njinga kuyambira ndili mnyamata. Dziko lonse likukwera njinga. Amene akuyenda chonchi ndinu nokha. Njingayo ndi ya yani?"

"Ya amalume."

"Iwowo imawatero?"

"Sadandaula."

"Ndiye mwadziyankha nokha. Ine pa geti paja ndinaphunzira chinthu chimodzi: munthu woyenda chonchi wabisa kanthu. Lamulungu mubwere ndi amalume anuwo. Tikapanda kumvana, njinga imeneyi isadzaonekenso pakhomo pano, ngakhale ikubwera yokha."

Mtsikanayo sanandiperekeze tsiku limenelo. Ndinamuona ali kuseri kwa khitchini, akusankha nandolo amene anali atasankhidwa kale.

Amalume ndinawauza Lachitatu ataweruka, akutsuka magambuti.

"Akuti mukakumane nawo Lamulungu."

"Za chinkhoswe?"

"Za kayendedwe kanga."

Anasiya kutsuka. "Tayenda ndione."

Ndinayenda kukafika pa mpopi n'kubwerera.

"Kali bwanji kayendedwe kameneka?" anafunsa modabwa. "Ine ndimaona ngati wayamba kukula. Ndinawauzanso amayi ako pa foni kuti mwana wayamba kuyenda ngati munthu wamkulu."

Apa ndiye mutu wanga unaima. Ku Chimaliro ndinali wodwala, kunyumba ndinali wokhwima, kuchipatala ndinali wamba. Miyendo yake yomweyo.

Lamulungu tinanyamuka titatuluka m'tchalitchi. Mkulu sanyamula mwana wa mlongo wake, ndiye wopalasa ndinali ine, amalume ali pa kaliyala ndi jekete lawo la misonkhano. Siponji inatsala pansi pa tchire lake. Pachitunda chomaliza ndinaona mtsikana uja ataima m'mbali mwa njira ndi ndowa, akutiyang'ana. Sanayang'ane nkhope yanga. Nayenso maso ake anali m'chiuno mwanga, ndipo ndinaganiza kuti banja lonse latengera atsibweni.

Tinatsika pa njinga pakhomo, n'kuitsamiritsa pa nkhokwe. Kenako ine ndi amalume tinadutsa bwalo lonse limodzi, phewa ndi phewa, kupita pansi pa mtengo wa mapeyala pamene anatiyalira mipando.

Sindinadzionepo ndikuyenda, koma tsiku limenelo ndinadziona pankhope ya atsibweni. Anayang'ana mawondo anga. Anayang'ana a amalume. Anabwerera kwa anga. Mayi a mtsikanayo anagwira pakamwa.

Moni atatha, atsibweni anatsokomola.

"Pepani, akulu anzanga, ndifunse mosabisa. Kodi n'zakumtundu?"

"Ziti?" anafunsa amalume.

"Izi." Atsibweni anatambasula mawondo awo ali chikhalire.

"Ndiye ana adzabadwa otero?" anatero mayi aja chapansipansi, koma tonse tinamva.

Amalume anavula chipewa n'kuchiika pa bondo, zimene ankachita pokhapokha akafuna kuchotsa munthu ntchito. "Bambo, ine ndine kapitawo. Ndimayenda chikapitawo. Mukafunse pa esiteti pathu."

"Makapitawo ndawatsegulira geti zaka zambiri. Ankayenda ngati anthu."

"Ndiye kuti anali ongogwirizira."

Ine ndinkangosinthanitsa matako. Ndinaona kuti ukwati wanga ukutha, ndipo sindinadziwe kuti ukutha chifukwa cha chiyani. Atsibweni anali atayamba kale kunena kuti zinthu zina ndi bwino kuzisiya zisanapite patali, pamene mtsikana uja anabwera n'kugwada patali pang'ono. Pa nkhani za ankhoswe mwini nkhani salankhula, ndipo mayi ake anamuyang'ana ndi diso loti adzaonana.

"Atsibweni, pepani kulowerera za akuluakulu. Ndinawaona akukwera chitunda chija. Ndikupempha a Kolejiwa akwere njinga, azungulire bwalo kamodzi."

Panalibe wina amene anali ndi maganizo abwino kuposa amenewo, ndiye anandiuza kuti ndikwere. Ndinaponda pa mtondo kuti ndifikire. Ndinazungulira bwalo, nkhuku zikuthawa, anthu anayi akuyang'ana kumbuyo kwanga mwachidwi chimene aphunzitsi anga sanasonyezepo pa mutu wanga.

"Taonani chiuno," anatero mtsikanayo. "Akupalasa kapena akupeta mpunga? Mapazi sakufika. Akafuna kuponda uku, thupi likhule chishalo. Akafuna uko, likhulenso. Kuchokera kwawo mpaka kuno."

"Ndiye?" anatero atsibweni.

"Ndiye ndi dengu limeneli. Ife kumunda lamba wa dengu akatalika, dengu limagwedera kumsana, ndipo pofika masana phewa lasupuka. Sikuti dengu lalemera ayi, ndi kugwederako. Wachilendo amaikapo nsanza. Nsanza ikanyowa ndi mame imadya kuposa lamba. Mankhwala ake ufupikitse lamba, udzole mafuta usanayambe, uvule zonyowa ukangoweruka." Anatembenukira kwa ine. "Masiponji aja munkati akuthandizani?"

"Masiponji ati?" anafunsa amalume.

Ndinapempha kuti nkhani imeneyo ikhale ya msonkhano wina.

"Chishalochi chitsike," anatero mtsikanayo. "Ndi mphunoyi iwerame. Atsibweni, sipanala ili m'thumba la pafupi ndi mbaula."

Amalume anaimirira. "Chishalo chimenecho sichikhudzidwa. A manejala anandipatsa njinga imeneyi pamaso pa anthu onse, chishalo chili pomwepo. Pali chithunzi."

"Anakuyezani, bambo?" anafunsa mtsikanayo.

"Anandigwira chanza."

"Madengu amatipatsanso ndi a kampani," anatero iye, maso ali pansi monga mwa ulemu, "koma malamba timafupikitsa tokha."

Atsibweni anapita okha kukatenga sipanala, n'kuima nayo pafupi ndi njinga osaigwiritsa. Njinga inali ya mlendo, ndipo mlendoyo anali asanalole. Aliyense anayang'ana amalume. Iwo anayang'ana chishalo nthawi yaitali, kenako anandikokera pambali, kuseri kwa nkhokwe.

"Zikupwetekadi?"

"Eya, amalume."

"Pati?"

Ndinayang'ana pansi.

"Iyayi, basi, usanene." Anayang'ana kumapiri. Kenako, ndi mawu amene sindinawamvepo m'kamwa mwa kapitawo, anafunsa, "Kumanzere kwambiri?"

"Kumanzere kwambiri."

Anapuma mpweya wautali. Tinabwerera, ndipo anangogwedeza mutu kwa atsibweni.

Bawuti inali itachita dzimbiri la zaka zonse zimene inalemekezedwa. Anathira palafini, anadikira, anagogoda ndi mwala, anathiranso. Amalume anatembenuka kuti asaone. Itamasuka, mtsikana uja anandiuza kuti ndikhale pa chishalo, atsibweni atagwira handulo, ndiike chidendene pa pedulo ili pansi. Ankatsitsa pang'onopang'ono mpaka chidendenecho chinafika mwendo utawongoka, chiuno chisanapendeke. Chitsulo chimene chinalowa m'kati chinali chotalika kuposa chikhatho changa. Kenako anaika kathabwa pamwamba pa chishalo, n'kuweramitsa mphuno ija mpaka kathabwako kanagona mofanana.

"Zungulirani."

Ndinazungulira. Zilonda zinalipo, sindinganame, koma panalibe chozikhula. Chiuno changa chinakhala pamalo amodzi ngati cha munthu wa maganizo. Mapedulo ankabwera okha kudzakumana ndi mapazi. Ndinazungulira kachiwiri popanda wondituma.

"Tatsika," anatero amalume.

Anavala chipewa, anakwera osafuna mtondo. Anazungulira bwalo kamodzi, kenako anatulukira pa njira n'kutsetsereka chitunda. Tinadikira. Mayi aja anabweretsa chinangwa chophika, tinadya, tinamaliza. Atsibweni anayamba kufunsa ngati kapitawoyo amaidziwa njira ya kuno. Amalume atatulukira, anaima pakati pa bwalo ali chikhalire pa chishalo, phazi limodzi litaponda pansi, ndipo anakhala akuliyang'ana phazilo ngati la munthu wina.

"Yapepuka," anatero.

Atsibweni sanali munthu wokhutira msanga. Anagamula kuti andipatsa masabata atatu. Lamulungu lachitatu adzakhala pansi pa mtengo womwewo, ndipo ndikadzayenda ngati munthu, tsiku la chinkhoswe lidzatchulidwa. Ndikadzayenda chikapitawo, ndiye kuti njinga inangonamiziridwa.

Mtsikana uja anandiperekeza mpaka pa mlatho, amalume ali patsogolo ndi njinga yawo, imene tsopano sankafuna kuisiya.

"Lamulungu likubwerali musabwere," anatero. "Ndikudziwa kumene muli. Jinzi imeneyo muzinyamula m'jumbo, muzidzavalira kuseri kwa tchalitchi. Panjira buluku lofewa, kabudula wam'kati mmodzi, wouma, wopanda msoko wokhuthala. Mafuta aja odzola ana mudzole musananyamuke, osati mutapsa kale."

"Zonsezi unaziphunzira kuti?"

"Chaka ndi theka ku koleji ya dengu. Kungoti ine ndinamaliza." Anayenda pang'ono, kenako anati, "Mukanangondiuza tsiku lija."

"Ndinalibe mawu ake."

"Mukanaloza."

Zimenezo sindinaziganizepo. Mpaka lero sindimvetsa kuti ndinalephera bwanji kuziganiza.

Khungu linapola sabata yachiwiri isanathe. Vuto linabwera pa tsiku la mayeso. Nditatsika pa njinga, atsibweni ali pansi pa mtengo wawo, ndinapeza kuti ndaiwala mmene ndinkayendera kale. Munthu akayamba kuganizira za miyendo yake, miyendoyo imasanduka ya ngongole. Kodi mawondo amayang'ana kuti? Manja amatani? Ndinanyamula phazi lamanja pamodzi ndi dzanja lamanja. Mtsikana uja, ali pakhonde, anakuwa kuti, "A Koleji, nkhuku yalowa m'jumbo mwanu!" Ndinathamanga kukaithamangitsa, n'kubwerera ndikutukwana chamumtima, ndipo nditafika pamtengo ndinapeza atsibweni akugwedeza mutu.

"Sanabise kanthu," anauza mlongo wawo. Amenewo ndi mayeso okhawo amene ndinakhoza m'zaka zimenezo, ndipo ndinakhoza ndisakudziwa kuti ayamba.

Amalume nawonso anapola. Sanandiuze, koma botolo la mafuta la kubafa linkatha mofulumira kuposa mmene ndinkadzolera ine. Pakhomo anayamba kuyenda mowongoka, mwachangu, mpaka akazi awo ankadzidzimuka akawatulukira kumbuyo. Koma akafika kumunda ankatsika pa njinga, kukonza chipewa, kutambasula mawondo, n'kulowa m'mizere pang'onopang'ono monga kale. Nditawafunsa anati anthu anazolowera, ndipo si bwino kusokoneza ntchito pakati pa nyengo.

Pa tsiku la chinkhoswe, nthawi yoti ankhoswe aonekere itakwana, amalume anadzuka pa mpando, anaona khamu la anthu, ndipo mawondo anatseguka okha. Anadutsa bwalo lonse chikapitawo, anthu a ku esiteti kwathu akuwomba m'manja. Atsibweni anaweramira kukhutu kwanga.

"Amalume anuwa sanachire?"

"Anachira."

"Ndiye akubisa chiyani?"

Ndinatembenukira kwa mkazi wanga kuti andiyankhire, monga anali atayamba kale kuchitira pa zinthu zambiri. Koma iye anali ataweramitsa mutu monga mwa mwambo, maso ali pansi, mapewa okha akugwedera.